Thandizeni: makamera sakuoneka ndikachoka panyumba, port forwarding yandikanika

Akuluakulu odziwa za ma network, ndithandizeniko, mutu wanga waima.

Ndili ndi makamera anayi olumikizidwa ku DVR (kabokosi kosunga zojambulidwa ndi makamera), ndipo ndikufuna ndiziwaona pafoni ndikakhala kutali. DVR ndaipatsa IP yosasintha, 192.168.1.50. Mu rauta ndachita port forwarding, ndiko kutsegula makomo oti foni ifikire DVR ndili kunja: ndatsegula port 554 ya RTSP (yodutsa makanema) ndi port 80, zonse TCP, kuloza ku IP yomweyo. Ndikakhala pa WiFi ya m'nyumba zithunzi zikubwera bwinobwino. Ndikangozimitsa WiFi n'kuyatsa data, kuli zii.

Chandidabwitsa usiku wathawu ndi ichi: patsamba la WAN (mbali yoyang'ana ku intaneti) rauta ikuonetsa adiresi yoyamba ndi 100.72, koma ndikafufuza IP yanga pa intaneti ikutuluka ina. Ndinawerengapo kuti kuyambira 100.64 mpaka 100.127 ndi za CGNAT, kutanthauza kuti kampani ya intaneti yatiunjika ambirimbiri kuseri kwa IP imodzi. Ngati ndi choncho, ndiye kuti masiku atatu onsewa ndangodzivutitsa chabe?

Kodi DDNS (dzina lotsata IP ikasintha) ingathandizepo apa, kapena ndingopempha kampani ya intaneti public IP (IP yangayanga yofikirika kuchokera kunja) basi? Mnzanga akuti ndiike DVR mu DMZ (kuti rauta iziloleza zonse zochokera kunja kufika ku DVR), koma kuisiya pambalambanda chotero ine ndikuopa. Amene munakumana nazo, munatani?