Zomwe ndamva kusikelo pa nkhani ya kutumbiza ija

Amayi anzanga, ndabweranso pa funso langa lija, loti kodi kuyamwitsa kokha kungandithandize kuti ndisatumbize, popeza mwana wanga wakwana miyezi 7.

Ndinafunsa anamwino tsiku la sikelo, ndipo anandiuza mosapita m'mbali kuti ayi. Kuyamwitsa kumateteza pokhapokha mwana asanakwane miyezi 6, akuyamwa mwakathithi usana ndi usiku, komanso mayi asanayambenso kusamba. Wangayu anayamba kale phala, ndiye chitetezo chimenecho chinatha.

Chomwe chinandikhudza kwambiri n'chakuti bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kudikira miyezi yosachepera 24 ukabereka usanatenge pathupi pena. Ukafulumira, magazi amakhala asanabwerere mokwanira m'thupi, ndipo mwana wotsatirayo angabadwe masiku asanakwane kapena wochepa sikelo. Wamkuluyonso kawirikawiri amamusiyitsa bere msanga, n'kuyamba kunyentchera, zomwe sindikufuna zimuchitikire wangayu. Amene anapita padera adikire miyezi 6.

Jakisoni wolera wa miyezi 3 ndinaopa kuiwala tsiku lokabayitsanso, choncho ndasankha Jadelle, timapulasitiki tiwiri ta pamkono togwira ntchito zaka 5. Bambo akunyumba anali nane pomwepo. Iwo nkhawa yawo inali pa mkaka, koma anamwino anawatsimikizira kuti suchepa.