Chithunzi cha Billie Holiday chili ndi chimzere chakuda: n'chinyezi kapena?

Nambewe:
Moni nonse. Dzulo ndimalongedza zimbale za malemu amalume, ndiye m'chikutiro cha chimbale china mwagwa kachithunzi kosakhala kakala, kukula ngati chikhatho. Mayi wakhala pampando wautali, tsitsi walimangira kumbuyo, maso ali pa bambo woliza sakisofoni. Kuseri amalume analemba ndi pensulo kuti "Billie ndi Lester, 1957", basi. Chikundizunguza mutu n'chakuti chithunzicho chili mbuu, m'makona n'chozungulira, ndipo chimzere chakuda chapingasa pamwamba pa mutu wa mayiyo. Ukachiyandikitsa kumaso ukuona timizere tambirimbiri. Chaonongeka ndi chinyezi, kapena chinatuluka chomwechi? Ndinatsala pang'ono kuchitaya.

Wamakamera:
Musachitaye, achemwali, chilibe vuto. Amene anachijambula sanali mu situdiyo, anangolozetsa kamera pagalasi la wayilesi ya kanema. N'chifukwa chake makona ali choncho, magalasi a nthawi imeneyo anali otero. Timizereto ndi ta TV yomwe: ku America chithunzi chinkapangidwa ndi mizere 525, ndipo chinkakwanira ka 30 pa sekondi imodzi. Kamera ikaphethira mofulumira kuposa pamenepo imagwira chithunzi chisanathe kulembedwa, mpata wotsalawo ndiye chimzere chanucho. Mbuuyo musadabwe nayenso. Mapulogalamu ambiri ankaulutsidwa pompopompo, ndipo posunga ankajambula galasi la TV ndi kamera ya filimu, njira yotchedwa kinescope. Matepi a vidiyo anali atangotuluka kumene mu 1956.

Gogo Lipenga:
Mwanawe, amalume ako ankadziwa nyimbo. Imeneyo ndi pulogalamu ya nyimbo za jazz yotchedwa The Sound of Jazz, imene wayilesi ya kanema ya CBS inaulutsa kuchokera ku New York pa 8 Disembala 1957. Ine ndaionera kosawerengeka. Robert Herridge, amene anaikonza, sanafune zokongoletsa. Oyimba anabwera ndi zovala zawo za masiku onse, ena zipewa zili kumutu, utsi wa ndudu uli tolotolo, makamera akuonekera poyera. Akatswiri a piyano Count Basie ndi Thelonious Monk analipo.

Koma pamene pali nkhani ndi pa nyimbo ya "Fine and Mellow". Woyimba Billie Holiday ndi Lester Young, woliza sakisofoni uja, anali pa ubwenzi wa ponda apa nane mpondepo kuyambira zaka za m'ma 1930. Dzina loti Lady Day anamupatsa ndi Lester, iye n'kumubwezera loti Prez. Kenako anatalikirana. Tsiku limenelo Lester thupi silinali bwino. Mnzake wa sakisofoni Ben Webster ataliza gawo lake, Lester anadzuka n'kuliza kagawo kamodzi kokha, kofatsa, kopanda chionetsero. Wogwira kamera anachita nzeru, anamusiya Lester n'kupita pankhope ya Billie. Mutu ukugwedezeka pang'onopang'ono, nsidze zakwera, kamwa ikufuna kumwetulira koma ikudziletsa. Ena amatama Coleman Hawkins, wa sakisofoni winanso, pa nyimboyi, ndipo analiza bwino ndithu, koma ine ndikafika pa Lester ndimabweza kumbuyo. Lester anamwalira mu Malichi 1959, Billie n'kutsatira mu Julayi chaka chomwecho.

Wamakamera:
Ndiwonjezere pa za agogo. Mukafuna zithunzi zoyera bwino za pulogalamuyi, fufuzani za Milt Hinton. Iyeyu ndi amene ankaliza besi pa nyimbo yomweyo, koma ankayenda ndi kamera yake kulikonse, ndipo anajambula anzake mu situdiyo pa nthawi yoyeserera. Zake mulibe mizere. Chanucho chisungeni m'kapepala kouma, osachimata selotepi.

Nambewe:
Zikomo nonse, makamaka inu agogo. Ndaipeza pa YouTube ndipo ndaimitsa pamene Lester akudzuka. Billie wapendeketsa mutu chimodzimodzi ngati pa kachithunzi kanga. Selotepi ndinali nditamata kale pakona imodzi, a Wamakamera. Ndiichotse bwanji osang'amba?