Ndani anagonapo m'kahotela ka tatami ku Kyoto?

Abale, ndithandizeni maganizo. Mwezi wamawa ndikupita ku Japan kukachita maphunziro, ndiye masiku awiri omaliza ndikufuna ndikagone ku Kyoto, m'kahotela kena kakang'ono kufupi ndi dera la Gion. Pazithunzi kanditenga mtima: pansi anayala mphasa za tatami, zitseko ndi zamatabwa ndi mapepala zongokankhira kumbali, magetsi ake osathobwa m'maso, pakati pali kadimba ka miyala ndi nsungwi. Bedi mulibe, madzulo amakuyalira kamatiresi kotchedwa futon pansi.

Vuto ndi msana wangawu. Inu amene munagonapo pa futon, kunacha bwanji? Nanga ndi zitseko zamapepalazo, za m'chipinda china sizimveka? Paja ine mkonono ndiye wanga, ndingakachititse manyazi mtundu. Zovula nsapato pakhomo zokha ndikuzidziwa kale.