Kodi mphete ya pa chinkhoswe ingakhalenso yodalitsira ukwati?

Moni nonse akuluakulu a pa gulu lino. Ndikupempha amene munadutsa kale m'njira imeneyi kuti mundiunikire, chifukwa nkhaniyi yandisowetsa tulo.

Chinkhoswe chathu chinachitika mwezi wathawu kwawo kwa mkazi ku Ntcheu. Ankhoswe atapatsana tambala ndi thadzi monga mwa mwambo, ine ndinaveka bwenzi langa mphete yasiliva yokhala ndi kamwala koyera kotumphuka pamwamba. Mkati mwake munadindidwa nambala 925 yosonyeza kuti ndi siliva, ndipo wogulitsa sanandibisire kuti kamwalako si dayamondi koma cubic zirconia, mwala wochita kupanga wooneka ngati dayamondi. Ine ndinkayesa kuti za mphete zathera pomwepo, ndipo kuti tsiku la ukwati abusa adzangodalitsa yomweyo. Koma pa msonkhano wa komiti ya ukwati, azakhali a bwenzi langa atafunsa ngati mphete za ku tchalitchi zagulidwa, ine n'kuyankha kuti ili kale pa chala, anthu anangoyang'anizana, ndipo amalume anga anazyolika.

Pambuyo pake ndi pamene anandilongosolera kuti mphetezi ndi ziwiri zosiyana. Ya chitomero imaperekedwa ndi mwamuna yekha ngati chikole cha lonjezo, ndipo kawirikawiri imakhala ndi mwala, pamene za ukwati zimakhala ziwiri, zosalala ndi zopanda mwala, ndipo mkwati ndi mkwatibwi amavekana pa nthawi ya malumbiro. Zimenezi ndazimvetsa, ngakhale mtima wanga ukukayika pang'ono, popeza ndinawerenga kuti mphete ya mwala inafala kwambiri chifukwa cha malonda a kampani ya dayamondi ya De Beers, imene kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 inayamba kulengeza kuti dayamondi ndi wamuyaya. Sindikufuna kulowa m'katapila chifukwa cha chizolowezi chimene agogo athu sankachidziwa n'komwe.

Palinso vuto lina. Bwenzi langali ndi namwino, ndipo kamwalako kamakola ndi kung'amba magolovesi, kotero m'mawa uliwonse amavula mpheteyo n'kuikulunga m'kampango m'chikwama. Tsono mafunso anga ndi awa: kodi n'kulakwa kugwiritsa ntchito mphete yomweyo ku tchalitchi? Ndikagula yosalala yagolide, kodi ingavalidwe pa chala chimodzi ndi yasiliva ija, ndipo iyambe kulowa ndi iti? Yanga ndikuganiza zogula ya chitsulo cholimba chotchedwa tungsten chifukwa ndi yotsika mtengo.

Yankho la mayi wina:

Achimwene, palibe lamulo la boma limene limati ukwati umamangidwa ndi mphete ziwiri, koma funsani abusa anu msanga chifukwa mipingo imasiyana kachitidwe. Komabe inuyo mwadziyankha nokha pamene mwanena za magolovesi. Mphete imene mlamu wathuyo amaivula tsiku lililonse idzatayika tsiku lina, pamene yosalala zipatala zambiri zimalola kuti munthu agwire nayo ntchito, ndipo imatsukika bwino posamba m'manja chifukwa ilibe timakona tobisa litsiro. Pa kavalidwe, ya ukwati ndiyo imayamba kulowa pa chala chachinayi cha dzanja lamanzere, kenako ya mwala pamwamba pake. Ine pa tsiku langa ndinasamutsira ya chitomero ku dzanja lamanja tisanalowe m'tchalitchi kuti chala chikhale chopanda kanthu pamene bambo a kunyumba ankandiveka.

Yankho la bambo wina wokhala ku Johannesburg:

Ndiwonjezereko pa zitsulo. Mukamagula yagolide yang'anani chidindo cha mkati: 375 ndiye kuti 9 karati, ndipo golide weniweni ndi 37.5 peresenti, pamene 750 ndi 18 karati. Kuno ambiri amagula ya 9 karati chifukwa mtengo wake ndi wofikirika ndipo imapirira ntchito za manja. Siliva ndi wofewa, choncho mphete ziwirizo zikamakhulana pa chala chimodzi kwa zaka, yasilivayo ndiyo idzayambe kuperepeseka. Ndi bwino ya mwalayo azivala Lamlungu ndi pa zisangalalo basi. Za tungsten ganizani kawiri. Sikandika msanga, n'zoona, koma siingakulitsidwe kapena kuchepetsedwa, ndipo ine yanga inasiya kulowa patatha zaka zitatu nditanenepa. Kayezetseni zala nonse awiri madzulo, osati m'mawa kukuzizira pamene zala zimakhala zitaphwa.

Yankho la mwini funso:

Zikomo kwambiri mayi ndi bambo. Ndalankhula ndi bwenzi langa, ndipo wandiuza kuti iyenso ankafuna yosalala koma ankaopa kundilemetsa. Loweruka madzulo tikayezetsa zala, ndipo Lamlungu tikaonana ndi abusa. Amene mukudziwa m'lifupi moyenera mwa mphete ya munthu wovala magolovesi tsiku lonse, chonde ndiuzeni ndisanapereke ndalama.