Phungu akapezeka kuti sanali woyenera kuima, nduna iyankhapo chiyani?

WakuMatawale:
Akuluakulu odziwa malamulo, tithandizeni. Tiyerekeze phungu wapambana, walumbira, ndiye patapita miyezi zikumveka kuti tsiku lomwe ankapereka zikalata zake ku MEC anali adakali pa ntchito ya boma, kapena kuti ali ndi pasipoti ya dziko lina. Unduna womwe umasunga mafayilo ake unangokhala duu. Kodi nduna ya undunawo ili ndi mlandu? Ingathe kumuchotsa phunguyo? Nanga ovota ayambire pati?

Nachisale_Sadzi:
Achimwene, tiyambe ndi kuchotsa ganizo loti nduna ingachotse phungu. Mphamvu imeneyo ilibe.

Zoyenereza zili m'gawo 51 la malamulo aakulu a dziko lino. Munthu akhale nzika ya Malawi ya zaka 21 kapena kuposa pa nthawi yopereka zikalata, wodziwa kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kuti azitsatira zokambirana, komanso wolembetsa m'kaundula wa voti. Gawo lomwelo limakaniza munthu amene ali pa udindo wa boma, msilikali kapena wapolisi amene adakali pa ntchito, yemwe khoti lidagamula kuti ngongole zamugwetsa ndipo sanamasulidwe, yemwe ali ndi lumbiro lokhulupirika ku dziko lina, ndi yemwe adapezeka wolakwa pa mlandu wa chinyengo kapena wophwanya malamulo a chisankho m'zaka 7 zapitazo.

Wosefa zonsezi ndi MEC, kudzera mwa woyang'anira chisankho wa m'deralo. Wosakhutira amadandaula ku MEC, akakanika amapita ku bwalo lalikulu, monga gawo 76 linenera. Kuno ku Zomba bwalolo lilipo, palibe chokwerera basi ya ku Blantyre. Chomwe chimagwetsa ambiri ndi nthawi: dandaulo lotsutsa zotsatira limayenera kufika ku khoti pasanathe masiku 7 chilengezereni. Anthu amatha masiku amenewo akutumizirana mphekesera pa WhatsApp, pofika kwa loya khomo latsekeka.

MkuluWaChinamwali:
Mayi Nachisale afotokoza bwino, koma zisamveke ngati nduna ilibe choyankha. Ili nacho, kungoti choyankhacho n'chokhudza mapepala a unduna wake, osati mpando wa phungu.

Tengani chitsanzo cha mphunzitsi. Walemba kalata yosiya ntchito, waisiya ku ofesi ya maphunziro ya m'boma, wapita kukaima. Kalatayo yagona m'thireyi, dzina lake silinachoke pa mndandanda wa malipiro, salale ikungolowa ku banki. Mkangano ukabuka, mafunso amakhala atatu: kalata idalembedwa liti, idadindidwa liti kuti yalandiridwa, ndipo malipiro omaliza adalowa mwezi uti. Mayankho onsewo ali m'manja mwa unduna. Ngati chidindo chabwezedwa m'mbuyo kuti masiku agwirizane, pamenepo ndiye pali mlandu weniweni, ndipo woyamba kufunsidwa ndi mlembi wamkulu wa undunawo, poti iye ndiye amasayinira ndalama ndi antchito.

Nduna imafikidwa m'njira ziwiri. Gawo 96 limati nduna zizipezeka ku Nyumba ya Malamulo kukayankha mafunso, choncho phungu wina aliyense angathe kulemba funso kudzera kwa Sipikala. Gawo 60 limapatsa Nyumbayo ndi makomiti ake mphamvu yofufuza ndi kuitanitsa aliyense wa udindo kuti akaonekere. Koma pali kamsampha. Gawo 97 likuti nduna zimayankha kwa Pulezidenti pa kayendetsedwe ka maunduna awo. Ndiye kuti aphungu angathe kuipanikiza nduna mpaka thukuta kamukamu, komiti ingalembe lipoti loiipitsa, koma woichotsa ndi amene adaisankha basi. Apa m'pamene dongosolo lathu limatsimphina, makamaka phungu wokayikitsayo akakhala wa chipani cholamula, poti nduna ikuuzidwa kuti itulutse fayilo yomwe ichepetse mavoti a mbali yake yomwe.

WakuMatawale:
Zikomo bambo. Nanga masiku 7 aja akadutsa, ndiye kuti zatha, tidikire zaka zisanu?

LoyaWaPaChirunga:
Ayi, sizinathe. Gawo 63 limati mpando umakhala wopanda munthu ngati phungu wasiya kukhala nzika, kapena pakabuka chinthu chomwe chikadamulepheretsa kuima akadakhala kuti si phungu. Sipikala ndiye amalengeza m'gazeti ya boma, MEC n'kukonza chisankho chapadera. Nyumbayo ingathenso kuvomereza kuti chilengezocho chidikire kaye pamene phunguyo akuchita apilo. Musayembekezere kuti Sipikala angasunthe ndi nkhani ya pa Facebook. Amafuna chigamulo cha khoti kapena chikalata chomwe palibe angachitsutse.

Za pasipoti, anthu amasokoneza zinthu ziwiri. Aphungu adasintha lamulo la unzika mu 2018 kulola Mmalawi kukhala ndi unzika wa mayiko awiri. Kusinthako sikudafufute mawu a m'gawo 51 okaniza munthu wokhulupirika ku dziko lina. Chomwe chili chololedwa kwa wamalonda wa ku Johannesburg sichikhala chololedwa pompo kwa wofuna mpando wa ku Lilongwe. Mafayilo a unzika ali ku nthambi ya Immigration, choncho nduna yoyang'anira nthambiyo ndiyo yoyenera kufunsidwa.

Pofuna umboni, gwiritsani ntchito lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Lembani kalata kwa ofesala woona zopereka nkhani ku undunawo, mutchule chikalata chenichenicho ndi masiku ake, musangoti "tipatseni zonse za uje". Sungani kope yodindidwa. Akakana kapena akangokhala chete, kadandauleni ku bungwe la Malawi Human Rights Commission. Akhoza kukana ponena kuti ndi zachinsinsi za munthu, n'chifukwa chake funso la tsiku losiyira ntchito limayenda msanga kuposa kupempha fayilo yonse. Ikakhala nkhani ya satifiketi ya MSCE yokayikitsa, a MANEB ali konkuno ku Zomba, ndipo ndiwo angatsimikize ngati nambala ya mayeso ikugwirizana ndi dzina.

MkuluWaChinamwali:
Ndiwonjezereko chenjezo. Ovota sangamuchotse okha, poti gawo 64 lomwe linkalola zimenezo lidachotsedwa mu 1995. Ndipo kumbukirani za gawo 65, lomwe limalanda mpando phungu wosiya chipani chake n'kulowa china: mu 2007 khoti la Supreme lidati gawolo n'lovomerezeka, aphungu omwe adatsatira Bingu wa Mutharika ku DPP adathamangira kukatenga ziletso, Sipikala Louis Chimango adamangika manja, mpaka chisankho cha 2009 chidawapeza ali pa mipando yawo. Amene akupita ku khoti akonzekere kuti mnzakeyo akatenga chiletso, ndipo loya wake apemphe pa tsiku loyamba lomwe kuti mlanduwo umvedwe mwachangu.