Zipolopolo zinkadutsa bwanji pa pulopela osaithyola?

Kamtedza:
Akuluakulu, ndithandizeni. Pa zithunzi za ndege za pa Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse, mfuti yachiwaya ili pamwamba pa injini, kuseri kwenikweni kwa pulopela yamatabwa. Zinkatheka bwanji kuwombera osaidula?

Makaniko_wa_ndege:
Achimwene, yomwe inkawomba mfutiyo ndi injini, woyendetsa ndege ankangoiloleza. Pa ndege ya Fokker Eindecker ya ku Germany ya 1915, injini inkazunguza kagudumu kokhala ndi linunda. Linundalo likafika, linkakankha kandodo kachitsulo, kandodoko n'kukhudza chowombera, chipolopolo chimodzi n'kutuluka. Ankalitchera kuti lizifika panthawi yomwe mpeni wa pulopela suli pakamwa pa mfuti. Woyendetsa akadina batani ankangolumikiza kandodoko ndi mfuti, basi.

Werengani nokha. Pulopela ya mipeni iwiri ikamazungulira ka 1,200 pa mphindi, mpeni umadutsa pakamwa pa mfuti ka 40 pa sekondi. Palibe chala cha munthu chingalondole mpata wotere.

Nkhwazi77:
Ndiwonjezerepo, si mfuti iliyonse inkalola zimenezi. Mfuti za Vickers ya Britain ndi LMG 08/15 ya Germany zinkadikira chipolopolo chili kale mumpope, potsekera patatsekedwa, motero ukangokhudza chowombera chinkaphulika pompo. Koma mfuti ya Lewis inkadikira ili yotsegula. Chitsulo chake chinkayamba chathamangira kutsogolo, kutola chipolopolo, kenako kuwomba, ndipo nthawi imeneyi sinkafanana ulendo uliwonse. N'chifukwa chake pa ndege ya ku France ya Nieuport 11 anaikweza pamwamba pa phiko, izilasa pamwamba pa pulopela.

Zovuta zinalipo ndithu. Chipolopolo cha onga wochedwa kuyaka chinkatuluka mpeni utafika kale. Tindodo tinkaperepeseka, kukatentha tinkatalika, kukazizira tinkafupika. Injini ikathamanga kwambiri kapena ikatsika kwambiri, mpata unkasuntha, poti liwiro la chipolopolo silisintha pomwe la pulopela likusintha. Mpeni umodzi ukaduka, injini inkagwedezeka koopsa mpaka kufuna kuzuka. Mu 1917 a Britain anayamba kugwiritsa ntchito njira ya George Constantinesco, katswiri wa ku Romania: m'malo mwa tindodo, kapampu kankagunda mafuta odzadza m'kapaipi, kugundako n'kukafika ku mfuti. Mpweya ukalowa m'kapaipimo mfuti inkaleka kuwomba, ndiye amakaniko ankayamba autulutsa.

Mphenzi:
Izi zisanabwere, Roland Garros wa ku France mu Epulo 1915 anangomangirira zitsulo pa mipeni kuti chipolopolo chikagunda chizinjanja.

Pa Spitfire Mk I, ndege ya Britain ya pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, vutoli analilambalala. Mfuti za Browning .303 zisanu ndi zitatu anaziika m'mapiko, kunja kwa mzere wa pulopela, ndipo batani linkatsegula mpweya wopanikizidwa womwe unkaziwomba zonse pamodzi. Iliyonse inali ndi zipolopolo 300, zongokwanira masekondi pafupifupi 15. Mdani wa mfutizi anali chisanu cha m'mwamba, chomwe chinkaumitsa mfuti. Ankamata kansalu pabowo lililonse la mfuti pa phiko, chipolopolo choyamba n'kukabowola, komanso ankalowetsa mpweya wotentha wochokera ku rediyeta. Mfutizo ankazipendeketsa pang'ono kuti zipolopolo zizikumana patsogolo, poyamba pa mayadi 400, kenako oyendetsa ambiri anatsitsa kufika pa 250.