Madisiki ndi makaseti a Commodore 64 ya malemu bambo anga: ndiyambire pati?

Mwana wa Aphunzitsi, Chilenje:

Moni nonse. Ndabwera ndi funso limene landisowetsa tulo kuyambira mwezi watha, ndipo ndikupempha kuti odziwa za makompyuta akale andiunikire ndisanalakwitse kanthu. Titamaliza kumanga chiliza cha malemu bambo athu kumudzi ku Katete, ine ndi alongo anga tinabwerera ku Chilenje kudzalongosola katundu wotsala m'nyumba, ndipo pansi pa bedi tinapeza bokosi lachitsulo limene amayi ankati muli mabuku a kusukulu. Mabuku analimodi, koma titawachotsa tinapeza kompyuta yakale ya Commodore 64 yokulungidwa m'chitenje, draivu yake ya madisiki yolembedwa 1541, kachipangizo kowerengera makaseti, thiransifoma yolemera ngati njerwa, madisiki 43 aja akuluakulu a mainchesi 5.25, ndi makaseti 17.

Bambo anali mphunzitsi wa masamu ku sekondale, ndipo kompyutayi anabwera nayo kuchokera ku Britain kumene anapita kukawonjezera maphunziro. Ndili mwana ndinkawaona usiku atailumikiza ku TV pabalaza, nkhope yawo ikuwala ndi kuwala kwabuluu kuja, akulemba mizere yoyamba ndi manambala, 10, 20, 30, kwinaku akuyang'ana m'kope. Madisiki ambiri ndi a magemu, koma 15 ali ndi dzanja la bambo pa kapepala kake. Ina analemba kuti MAYESO A MASAMU, ina NDALAMA ZA MPINGO, ndipo itatu analemba kuti MAWU A CHINYANJA. M'bokosimo mukumveka kafungo ka chuku.

Mtima wanga ukundiuza kuti ndingoilumikiza kumagetsi ndione ngati ingayake. Kodi ndingatero? Nanga zimene zili m'madisikimo ndingazisamutsire bwanji pa laputopu ya masiku ano, kuno ku Lusaka komwe kuno?

Wokonza Mawailesi, Kamwala:

Achimwene, choyamba pepani ndi zovuta za bambo. Chachiwiri, chonde musailumikize kumagetsi ndi thiransifoma imene mwaipezayo. Ndikulankhula monga munthu amene anaonongapo kompyuta yotereyi ndi manja ake, chifukwa zaka zapitazo munthu wina anandibweretsera Commodore 64 yooneka bwinobwino, ine n'kuilumikiza osayeza kanthu, ndipo inayaka kwa mphindi zochepa kenako sikirini inadzaza ndi zilembo zosokonekera, osabwereranso mwakale. Thiransifoma imeneyi imatulutsa mphamvu ziwiri, mavolti 5 a DC ndi mavolti 9 a AC. Ikakalamba, mbali ya mavolti 5 ija imatha kukwera mwakachetechete n'kupsereza timachipu tosunga zinthu m'kati mwa kompyuta. Mathiransifoma ambiri otere anawathira phula lolimba m'kati, motero ngakhale kuwakonza n'kovuta. Pezani yatsopano, kapena mubwere nayo kwa munthu amene ali ndi mita yoyezera magetsi akayeze kaye.

Koma kunena zoona, kompyutayo si imene ili pa ngozi yaikulu. Ma Commodore 64 anapangidwa miyandamiyanda kuyambira mu 1982, ndipo ikafa imodzi, ina imapezeka. Chimene sichingapezekenso ndi zimene bambo analemba m'madisiki 15 aja, choncho maso anu akhale pamenepo.

Disiki ya 5.25 ndi kambale kapulasitiki kopyapyala, kopakidwa utoto wa maginito, kali m'kati mwa chikwama chakuda chija. Chinyezi cha dzinja chikalowa, chuku chimamera pa utotowo. Mukaika disiki yotere mu draivu, imazungulira maulendo 300 pa mphindi imodzi, kamutu kowerengera katakhudza pamwamba pake, ndipo kamutuko kamapala utoto uja n'kusiya mzere wowala ngati wa msomali. Pamene papalikapo, zolembedwa zapita. Choipa china n'chakuti zinyalalazo zimamatirira pa kamutu n'kukaononga disiki yotsatira imene inali yabwino.

Chitani chonchi. Khalani pafupi ndi zenera masana, tulutsani disiki m'envulopu yake, lowetsani zala ziwiri pa bowo lapakati, ndipo muzizunguliza pang'onopang'ono kwinaku mukuyang'ana pa kazenera kakatali kaja kamene kamaonetsa utoto wabulauni. Musakhudze utotowo ndi chala. Mukaona timadontho toyera kapena ngati mtambo, disikiyo muiike payokha. Yooneka yosalala ndi yonyezimira mofanana ponseponse, muiike mbali ina. Ndiponso m'mbali mwa disiki iliyonse muli kamphako kodulidwa. Matani kamphakoko ndi kapepala komata kosaonekera mkati, popeza kakatsekedwa draivu singathe kulembamo kanthu ngakhale mutalakwitsa.

Zosamutsira pa laputopu zilipo ziwiri zimene ndikuzidziwa bwino. Popeza muli kale ndi 1541, njira yapafupi ndi kachipangizo kotchedwa ZoomFloppy, kamene kamalumikiza draivuyo ku USB, ndipo pulogalamu ya OpenCBM imakopera disiki yonse n'kukhala fayilo imodzi ya D64. Mbali imodzi ya disiki imasunga makilobayiti pafupifupi 170 okha, motero madisiki anu onse pamodzi ndi ochepa kuposa vidiyo imodzi yaifupi ya pa foni. Njira ina ndi Greaseweazle, imene anaipanga Keir Fraser. Iyo imafuna draivu ya 5.25 ya makompyuta a PC, ndipo sifunsa kuti disikiyo ndi ya kompyuta yanji, imangojambula kusinthasintha kwa maginito monga mmene kulili. Ubwino wake ndi wakuti disiki ikakhala yofooka mumaiwerenga kamodzi, kenako n'kumalimbana ndi fayiloyo pa laputopu osavutitsanso disiki. Zonsezi n'zoitanitsa kunja, choncho ngati muli ndi mbale ku Johannesburg kapena ku London, mutumeni.

Chinthu china chimene ambiri amaiwala: 1541 imawerenga mbali imodzi yokha, ndiye anthu a nthawi imeneyo ankadula kamphako kachiwiri mbali inayo kuti azitembenuza disiki n'kulemba kuseri. Mukaona disiki yokhala ndi timphako tiwiri, dziwani kuti mwina mbali zonse zili ndi zinthu. Pa madisiki otere 1541 ndi yosavuta kuposa draivu ya PC, chifukwa mumangotembenuza basi. Kamutu muzikapukuta ndi kathonje konyowetsa mu mankhwala otsukira otchedwa isopropyl alcohol musanayambe, ndiponso mukamaliza disiki iliyonse yokayikitsa. Mukamva kulira kwa kukhulana, tsegulani kachitseko nthawi yomweyo. Ndipo ntchitoyi muichite pa nthawi imene mukudziwa kuti magetsi sathima pakati.

Mayi wa ku Laibulale, Woodlands:

Mwanawe, zimene akuuzani abambo a ku Kamwala n'zoona, ine ndingowonjezera za mbali yanga, popeza ndagwira ntchito yosunga mabuku ndi zolemba kwa zaka zambiri. Magemu aja musataye nawo nthawi poyamba. Anthu a ku Ulaya ndi ku America anawakopera kalekale, ndipo ochuluka ali pa Internet Archive, nkhokwe ya pa intaneti imene Brewster Kahle anayambitsa mu 1996 ku San Francisco. Koma pulogalamu yophunzitsa mawu a Chinyanja, yolembedwa ndi mphunzitsi wa ku Chilenje pa nthawi imene Zambia inalibe n'komwe intaneti, imene inafika kuno mu 1994 kudzera mu kampani ya ZAMNET ya ku yunivesite ya UNZA, simudzaipeza m'nkhokwe ina iliyonse. Mbiri ya makompyuta a m'nyumba imakambidwa ngati kuti kuno kunalibe amene ankalemba kanthu, ndipo chifukwa chake china n'chakuti mabokosi ngati lanulo amatayidwa pa maliro pamodzi ndi nyuzipepala zakale.

Musanawerenge disiki iliyonse, ipatseni nambala, ndipo muijambule ndi foni kutsogolo ndi kumbuyo pamodzi ndi envulopu yake, kuti dzanja la bambo lioneke. Fayilo imene idzatuluke idzakhale ndi nambala yomweyo. Gulani kope la chikuto cholimba ndipo muzilembamo tsiku limene mwawerenga, chipangizo chimene mwagwiritsa ntchito, ndi malo amene draivu inalephera kuwerenga. Zimenezi zimaoneka zotopetsa, koma ndaona kangapo munthu ali ndi mafayilo mazana osadziwa kuti anachokera pa disiki iti, ndipo fayilo yopanda mbiri yake ili ngati chithunzi cha munthu amene palibe akumudziwa dzina. Kope lija limene bambo ankayang'anamo polemba, ngati lili m'gulu la mabuku munachotsa pamwamba aja, ndi lofunika mofanana ndi madisikiwo. Amayi anunso afunseni adakali ndi mphamvu, kuti mapulogalamuwa analembedwa liti ndiponso ankagwiritsa ntchito ndani, ndipo mujambule mawu awo.

Mukakopera, musasunge pamalo amodzi. Ikani pa laputopu, pa hadi draivu yapadera imene izikhala kwa mlongo wanu kunyumba ina, ndi pa intaneti. Fulashi yokha musaidalire, imatayika ndipo imafa osachenjeza. Madisiki enieniwo musawataye ngakhale mutamaliza. Aimikeni choimirira m'bokosi la pulasitiki, patali ndi masipika ndi mafiriji, m'chipinda chosatentha, osati kudenga pansi pa malata kumene kutentha kwa mwezi wa Okutobala kumapinda ngakhale pulasitiki.

Wophunzira za Makompyuta, Kalingalinga:

Akuluakulu mwafotokoza bwino za madisiki, ine ndikambeko za makaseti chifukwa amenewo angathe kuyambidwa sabata ino popanda kuitanitsa kanthu kunja. Zimene zili pa kaseti ya Commodore 64 ndi phokoso chabe, choncho wailesi ya makaseti yabwino, waya wolowetsa mawu mu laputopu, ndi pulogalamu yaulere ya Audacity n'zokwanira. Thyolani timano tapamwamba pa kaseti kuti isafufutike mwangozi, zungulizani tepi ndi pensulo kuti muone ngati sinamatirane, ndipo onani ngati kasiponji kaja kokhala kumbuyo kwa tepi sikanagwe. Jambulani mbali yonse pa 44.1 kHz n'kusunga ngati WAV, osati MP3, chifukwa MP3 imataya tizigawo ta phokoso timene khutu silimva koma kompyuta imatifuna. Pulogalamu ya Audiotap imasandutsa WAV kukhala fayilo ya TAP. Kachipangizo ka makaseti kamene mwapezako mwina lamba wake anafota, choncho musakayesere ndi kaseti ya bambo.

Mukapeza mafayilo a D64 ndi TAP, ikani VICE pa laputopu. Ndi pulogalamu yaulere imene imadzisandutsa Commodore 64 yeniyeni, ndi sikirini yabuluu ija ndi mawu akuti 38911 BASIC BYTES FREE. Mukatsegula fayilo ya D64 mu VICE n'kulemba LOAD"$",8 kenako LIST, mudzaona mayina a mafayilo monga mmene bambo anawasiyira. VICE imabwera ndi kapulogalamu kotchedwa petcat kamene kamasandutsa pulogalamu ya BASIC, chilankhulo cholembera mapulogalamu pa kompyutayi, kukhala zolemba wamba zoti n'kusindikiza pa pepala. Ine ndikanakhala inu ndikanaika zonse pa Internet Archive kuti aliyense azione.

Mayi wa ku Laibulale, Woodlands:

Mwana wanga, pa makaseti wanena bwino, koma pa mawu omalizawo sindikugwirizana nawe. Disiki yolembedwa MAYESO A MASAMU ingakhale ndi mayina a ana a sukulu ndi malikisi awo, ndipo ana amenewo lero ndi makolo amene tikuyenda nawo mu Lusaka muno. Ya NDALAMA ZA MPINGO ingaonetse amene ankapereka ndi amene sankapereka. Mphunzitsi anasunga zimenezi m'nyumba mwake mwachinsinsi, ndipo kumwalira kwake sikutipatsa ufulu woziyala pabwalo. Kusunga ndi kufalitsa ndi ntchito ziwiri zosiyana. Zonse zikoperedwe ndi kusungidwa, koma banja likhale pansi liwerenge kaye, lisiyanitse pulogalamu yeniyeni ndi mafayilo a mayina, kenako ligwirizane choti chituluke. Magemu nawonso ali ndi eni ake amene anawalemba ndi kuwagulitsa, pamene mapulogalamu a bambo ndi chuma cha banja, ndipo alongo onse ayenera kuvomereza. Atatu a Chinyanja aja, banja likalola, ndiwo oyenera kupita poyera, pamodzi ndi tsamba limodzi lofotokoza amene anawalemba ndi chimene ankafuna kuphunzitsa.

Mwana wa Aphunzitsi, Chilenje:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu amayi ndi inu abambo a ku Kamwala. Thiransifoma ndaiika pamwamba pa kabati ndipo sindiikhudza mpaka nditabwera nayo kuti muiyeze. Loweruka ndinakhala pazenera ndi mlongo wanga wamng'ono, iye akujambula ndi kulemba m'kope, ine ndikuzunguliza. Mwa madisiki 15 a bambo, 11 akuoneka osalala, ndipo anayi ali ndi timadontho toyera, kuphatikizapo imodzi ya Chinyanja. Asanu ndi umodzi ali ndi timphako tiwiri, zimene sindikanazindikira mukanapanda kunena. Msuweni wathu wa ku Johannesburg wavomera kufufuza ZoomFloppy kuti abwere nayo pa Khirisimasi.

Kope lija talipeza. Ndi la masamba a timabokosi, ndipo m'kati muli mizere ya BASIC yolembedwa ndi pensulo, ina yofufutidwa n'kulembedwanso. Pa tsamba lina pali mzere wakuti 40 PRINT "WAKHOZA! YESANSO LINA". Amayi atauona anakhala chete kwa kanthawi, kenako anatiuza kuti bambo anailembera ife ana awo pulogalamuyo, chifukwa ankadandaula kuti tikukula ndi Chinyanja cha m'tauni osadziwa mawu a kumudzi. Mawu awo ndawajambula.

Funso limene latsala ndi la madisiki anayi a chuku aja. Abambo a ku Kamwala, kodi pali njira yotsukira kambale ka m'katiko osaononga utoto, kapena ndiwasiye kaye mpaka titapeza Greaseweazle ndi draivu ya PC?